Mankhwala Afike M'zipatala Zathu Mvula Isanagwe

Palibe mlimi amene sadziwa kuti feteleza wofika mu Febuluwale ndi wopanda ntchito. Chimanga chimakhala chitamasula kale, ndipo wothira amangotaya ndalama. N'chifukwa chake chaka ndi chaka, chiyambire ndondomeko ya makuponi a zipangizo za ulimi mu 2005, takhala tikukumbutsa boma kuti mbewu ndi feteleza zizifika m'misika mvula isanagwe. Lero tikufuna kunena chimodzimodzi za mankhwala a m'zipatala zazing'ono za boma. Nawonso ali ndi nyengo yake, ndipo akachedwa chimene timataya ndi moyo wa munthu.

Lonjezo lilipo

Tiyambe ndi kuyamika pamene pali poyamika. Chithandizo m'zipatala za boma m'dziko muno ndi chaulere. Mu 2004 Unduna wa Zaumoyo unayamba kutsata ndondomeko ya Essential Health Package, yomwe ndi mndandanda wa matenda ofala amene Mmalawi aliyense ayenera kuthandizidwa popanda kulipira. M'chaka chomwecho ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere. Kuyambira mu 2006 boma lakhala likuchita mapangano ndi zipatala za mishoni za bungwe la CHAM kuti amayi oyembekezera ndi ana azithandizidwa mwaulere m'madera omwe mulibe chipatala cha boma. Alangizi a zaumoyo nawo anatsegula tizipatala ta m'midzi tothandiza ana osaposa zaka 5 pa malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba.

Koma akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mankhwala olembedwa m'mapepala a ku Capital Hill sachiza mwana. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse amakhala kumidzi. Kwa anthu amenewa chipatala ndi kanyumba kaja ka pa mtunda wa makilomita angapo, kokhala ndi dokotala mmodzi, namwino mmodzi kapena awiri, ndi zenera lolandirira mankhwala. Lonjezo lonse la boma limayesedwa pa zenera limenelo.

Tonse tikudziwa zimene zimachitika kawirikawiri. Mayi amalawirira tambala woyamba, mwana kumsana, n'kukaima pa mzere mpaka dzuwa paliwombo. Dokotala amapima bwinobwino n'kulemba m'buku. Pofika pa zenera amauzidwa kuti mankhwalawo atha, akagule. Amabwerera ndi Panado, mwina ndi buku lokha. Odwala matenda a BP, shuga, mphumu ndi khunyu, amene amayenera kumwa mankhwala mosadumphitsa, ndiwo amabwezedwa mobwerezabwereza.

Nthawi ya matenda ndi nthawi ya njala

Mawu oti "mukagule" amapweteka mosiyana malinga ndi mwezi. Mu Juni, mbewu zili m'nkhokwe, banja likhoza kupeza pogwira. Koma malungo amafika pachimake m'miyezi ya mvula, kuyambira Januwale mpaka Epulo. Matenda otsegula m'mimba nawo amachuluka nthawi yomweyo, ndipo sitinaiwale kolera wa mu 2022 ndi 2023 amene anapha anthu oposa 1,700. Miyezi imeneyi ndiyo ya njala. Nkhokwe imakhala itagwa, ndalama zonse zili m'munda, fizi ya ana itatenga zotsala.

Tsono banja limatani? Limagulitsa nkhuku kapena mbuzi pa mtengo wolira. Limakatenga ndalama ya katapila. Bambo amasiya munda wake uli tchire n'kukagwira ganyu m'munda wa wina. Sabata imodzi yotayika nthawi yopalira kapena yobandira imaonekera pokolola. Motero mankhwala osowa mu Januwale amabala njala ya chaka chamawa.

Choopsa china ndi chakuti munthu wopanda ndalama zokwanira amagula theka la mankhwala, pa golosale kapena kwa ogulitsa oyendayenda, osadziwa kuti asungidwa bwanji kapena anatha mphamvu liti. Akapezako bwino amaleka. Umu ndi momwe tizilombo timazolowerera mankhwala. Dziko lathu laona kale zimenezi. Mu 1993 Malawi anasiya kugwiritsa ntchito chloroquine ngati mankhwala oyamba a malungo chifukwa anali atasiya kuchiza, n'kuyamba Fansidar. Mu 2007 Fansidar nayenso analowedwa m'malo ndi LA. LA amayenera kumwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku 3 mpaka kumaliza. Tikamuononga ndi kumwa motsinira, tidzathawira kuti?

Chingwe chimaduka pati?

Mankhwala amayenda ulendo wautali asanafike pa zenera. Chipatala chaching'ono chimalemba zomwe chagwiritsa ntchito ndi zomwe zatsala, n'kutumiza ku ofesi ya zaumoyo ya pa boma. Ofesiyo imaitanitsa ku Central Medical Stores Trust, yomwe ili ndi nyumba zosungiramo mankhwala ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Paulendo umenewu ife tikuona malo anayi pomwe chingwe chimaduka.

Poyamba ndi ndalama. Mu 2001, ku Abuja m'dziko la Nigeria, atsogoleri a maiko a mu Africa analonjeza kuti K15 pa K100 iliyonse ya bajeti izipita ku zaumoyo. Zaka zambiri dziko lathu lakhala likuperewera pa mlingo umenewu. Kuonjezera apo, chiyambire 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo ndi kutha pa 31 Malichi. Izi zikutanthauza kuti miyezi yomwe anthu amadwala kwambiri imagwera kumapeto kwa chaka, pamene thumba lapepuka.

Kachiwiri ndi ndalama zakunja. Mankhwala ambiri timagula kunja. Mphamvu ya kwacha itatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yomweyo inayamba kugula makatoni ochepa. Ndipo n'zopweteka kuti alimi a fodya, tiyi, soya ndi nandolo, amene amabweretsa ndalama zakunjazo, ndiwo amabwerera chimanjamanja kuchipatala.

Kachitatu ndi misewu. Mvula ikalimba milatho imakokoloka, galimoto sizifika. Namondwe Freddy atagwa mu Malichi 2023, madera ena a ku Phalombe, Mulanje, Chikwawa ndi Nsanje anakhala osafikirika. Chipatala chimene chinalowa m'dzinja ndi mashelefu opanda kanthu sichingayembekezere galimoto pa msewu woduka.

Kachinayi ndi umbava. Mankhwala olembedwa kuti ndi a boma amapezeka akugulitsidwa m'misika ndi m'zipatala zina zolipiritsa. Unduna wa Zaumoyo unachita kukhazikitsa nthambi yofufuza za kubedwa kwa mankhwala, ndipo lamulo la mu 2019 lokhazikitsa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority linakhwimitsa zilango. Ogwira ntchito m'zipatala ambiri ndi okhulupirika ndipo amagwira ntchito movutika. Ndi ochepa amene amaipitsa mbiri ya anzawo, ndipo amatero chifukwa palibe amene akuona.

Pamwamba pa zonsezi pali kudalira thandizo lakunja. Ma ARV, mankhwala a TB ndi a malungo akhala akugulidwa makamaka ndi ndalama za Global Fund ndi boma la America. Mu Januwale 2025 boma la America linaimika thandizo lake lambiri, ndipo bungwe la USAID linatsekedwa chaka chomwecho. Phunziro lake ndi loti mphika wa mnzako sungaudalire podyetsa ana ako. Boma lathu liyenera kuyamba kusenza gawo lalikulu la katundu ameneyu.

Zimene tikupempha

Choyamba, chipatala chilichonse cha kumudzi chikhale chitalandira mankhwala okwanira nyengo yonse ya mvula pofika kumapeto kwa Novembala, kuyambira ndi zipatala zovuta kufikako. Tikunena LA, zida zoyezera malungo, amoxicillin, ORS ndi zinc, madiripi, komanso mankhwala a amayi oyembekezera. Ngati boma limatha kuika tsiku loti feteleza akhale atafika, lingathenso kuika tsiku la mankhwala.

Chachiwiri, ndalama za mankhwala zisakhudzidwe ndi ntchito zina, ziziperekedwa m'nthawi yake, ndipo ogula mankhwala akhale patsogolo pogawa ndalama zakunja. Aphungu athu akamakambirana bajeti mu Febuluwale ndi Malichi, afunse kuti ndi zingati zapita ku mankhwala a zipatala zazing'ono za m'dera lawo.

Chachitatu, zinthu zichitike poyera. Galimoto ya mankhwala ikafika, a komiti ya chipatala akhalepo, awerenge makatoni ndi kusaina. Mndandanda wa mankhwala amene afika, ndi amene atha, umatidwe pa khoma m'chilankhulo cha anthu a deralo. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, choncho kufunsa zimenezi si mwano ayi.

Chachinayi, chipatala chilichonse chikhale ndi munthu wophunzira ntchito yosunga ndi kugawa mankhwala. Dokotala amene waona odwala tsiku lonse sangakhalenso wowerengera mapiritsi usiku.

Mbali yathu

Tisaloze chala boma lokha. Tili ndi makalabu, makopaletivi ndi magulu a banki m'khonde m'midzi yathu yonse. Timadziwa kulemba kaundula, kuwerenga matumba ndi kufunsa msungichuma. Luso lomwelo tipite nalo ku komiti ya chipatala. Kalabu iliyonse idziwe kuti ndani akuimira mudzi wake m'komitiyo, ndipo nkhani ya mankhwala izikhala pa mndandanda wa zokambirana ku VDC ndi ku ADC, mafumu ndi makhansala ali pomwepo. Tikabwezedwa opanda mankhwala, tizilemba tsiku ndi dzina la mankhwalawo. Madandaulo olembedwa a midzi 10 amalemera kuposa kung'ung'udza kwa pa chitsime.

Tileke kugula mankhwala a boma pa msika, pakuti wogula ndiye amalimbitsa wakuba. Tileke kunamizira matenda kuti tikasunge mapiritsi m'nyumba. Tizigona m'masikito, ndipo tikapatsidwa mankhwala tizimaliza.

Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Msonkhano wotsatira wa kalabu yanu usathe musanasankhe anthu awiri oti akaonane ndi komiti ya chipatala ndi kufunsa funso limodzi: kodi mankhwala a dzinja lino afika?