Zithunzi ndi Makalata Athu Tizisunge Kuti?

Lamulungu lina m'mawa tili mkati moyeza anthu kuthamanga kwa magazi pabwalo la tchalitchi, mayi ena achikulire anatikokera pambali n'kutipatsa foni yatsopano. Yakale anawabera m'minibasi akuchokera ku Limbe. "Ana anga, ndibwezereni zithunzi zanga," anatero. "Mnyamata amene anandigulitsa foni ija anati zonse zimapita ku Google."

Mnyamatayo sananame. Zithunzi zinkapitadi ku Google, ndipo mwa izo munali za malemu amuna awo, za ubatizo wa adzukulu, komanso masamba a buku lawo la kuchipatala lomwe linanyowa ndi mvula, momwe munali mayina a mankhwala omwe amamwa. Tinawafunsa kuti, "Amayi, imelo yanu ndi yotani, nanga pasiwedi?" Anangotiyang'ana. Akauntiyo anawatsegulira ndi mnyamata yemweyo tsiku logula foni, sanawalembere paliponse, ndipo shopu yake inatsekedwa kalekale. Tinayesa mpaka dzuwa litakwera koma sitinalowe. Zithunzizo mwina zikadalipo mpaka lero, kungoti mwiniwake alibe kiyi.

Chichokereni tsiku limenelo, wina akatifunsa kuti malo abwino osungira zithunzi pa intaneti ndi ati, timayamba tamufunsa kuti foni ikasowa mawa adzalowamo bwanji. Kukula kwa malo aulere timakuona pambuyo.

Komabe ziwerengerozo ndi bwino kuzidziwa. Google imapatsa aliyense 15 GB ulere, iCloud ya Apple imapereka 5 GB, OneDrive ya Microsoft nayonso 5 GB, pomwe Dropbox imapereka 2 GB basi. Ambiri mwa ife mafoni athu ndi a Android, ndiye akaunti ya Google tili nayo kale, ngakhale ena sitidziwa kuti tili nayo. Chithunzi chimodzi chikamakula 3 MB, mu 15 GB mungalowe zithunzi pafupifupi 5,000, zokwanira banja kwa zaka zingapo. Koma malo amenewa amagawana Gmail, Google Drive ndi Google Photos. Kale Google Photos inkalola kusunga zithunzi zopanda malire, koma zimenezo zinatha pa 1 June 2021, ndipo kuyambira 2024 mauthenga a WhatsApp omwe foni ya Android imasunga amadyanso malo omwewo. Amene amadzaza msanga nkhokweyi ndi makanema. Tikunena makanema a makwaya aja timatumizirana m'magulu, ulaliki wa ola lathunthu, ndi maluwa otifunira tsiku labwino m'mawa uliwonse. Malo akadzaza, Gmail imasiya kulandira makalata, ndipo munthu amene akudikira yankho la ntchito kapena la sukulu angathe kuliphonya osadziwa chifukwa chake. Mu WhatsApp muli posankha kuti makanema asamasungidwe nawo. Ife tinazimitsa pamenepo, ndipo palibe chimene tachisowa.

Pali msampha wina umene wagwira ngakhale anthu ophunzira. Google Photos ndi iCloud zimayesetsa kuti zimene zili m'foni zifanane ndi zimene zili pa intaneti. Ndiye foni ikadandaula kuti yadzaza, munthu n'kulowa mu Google Photos kukafufuta zithunzi poganiza kuti pa intaneti zitsala, amakhala wazifufuta konsekonse. Mwayi ndi wakuti sizipitiratu pomwepo. Ku Google Photos zithunzi zomwe zinasungidwa kale zimakhala m'bini masiku 60, ku iCloud masiku 30, ndipo mkati mwa nthawi imeneyo zimatheka kuzibweza. Ngati cholinga n'kupeputsa foni yokha, mu Google Photos muli batani lolembedwa Free up space, lomwe limachotsa m'foni zokhazo zimene zinafika kale pa intaneti. Mwana akamakonda kuseweretsa foni, nkhani ya biniyi muziikumbukira.

Ena amatiuza kuti zithunzi zawo zili pa Facebook, kapena anazitumiza kwa mlongo wawo pa WhatsApp, choncho alibe nkhawa. Kusiyana ndi kusowa kosunga kulikonse, zimenezo zili bwinoko. Koma Facebook ndi WhatsApp zimafinya zithunzi kuti zichepe, ndipo kalata ya malo kapena lisiti yofinyidwa nthawi zina siwerengeka bwino. Pa WhatsApp mukatumiza chithunzi ngati Document, chimapita mmene chilili.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri kwathu kuno ndi data. Mafoni ambiri amadikira Wi-Fi kuti ayambe kutumiza zithunzi pa intaneti, pomwe nyumba zathu zambiri zilibe Wi-Fi. Zotsatira zake munthu amayenda chaka chonse ali ndi chikhulupiriro choti zonse zikusungidwa, chonsecho palibe ngakhale chimodzi chimene chinachoka m'foni. Njira yodziwira zoona ndi imodzi: bwerekani foni ya mnzanu kapena kompyuta, lowani mu akaunti yanu, muone ngati chithunzi chimene munajambula sabata yatha chilipo, kenako mutulukemo. Ngati palibe, lolani foni kuti igwiritse ntchito data yake pa tsiku limene mwagula bandulo yaikulu, kapena dikirani mpaka mutapezeka pamalo a Wi-Fi yodalirika. Kuyesa kumeneku kumaonetsanso ngati pasiwedi mukuikumbukiradi.

Nanga kulipira? Google One imayambira pa 100 GB kwa amene akufuna malo ambiri, iCloud+ pa 50 GB. Kwa munthu wojambula maukwati kapena wosunga mafayilo a bizinesi, ndalama imeneyo ili ndi ntchito. Kwa banja wamba timati musathamangire. Malipirowa amafuna khadi la kubanki lotha kugula zinthu kunja, amabwera mwezi ndi mwezi, ndipo kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, zinthu zogula kunja zimatilemera nthawi yomweyo. Mukasiya kulipira zithunzi sizifufutidwa tsiku lomwelo, koma simungaonjezere zina, ndipo Google imanena kuti ingathe kufufuta zinthu za munthu amene wakhala zaka ziwiri atapyola malire a malo ake. Chimodzimodzinso akaunti imene yatha zaka ziwiri osatsegulidwa ingathe kufufutidwa, malinga ndi lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito mu December 2023. Zimenezi zikukhudza kwambiri maakaunti a abale athu amene anatisiya.

Ife a zaumoyo timalimbikitsa mabanja kujambula buku la kuchipatala, khadi la kusikelo la mwana ndi mapepala a mankhwala, chifukwa taona anthu odwala shuga ndi BP akufika kuchipatala chachilendo osadziwa dzina la mankhwala awo, kumangoti timapiritsi toyera tating'ono. Koma mapepala otere ndi achinsinsi. Foni ya pakhomo imagwiridwa ndi ana, alendo ndi aliyense wobwereka kuti aimbe. Mu Google Photos muli Locked Folder, pomwe zithunzi zimabisika mpaka foni itatsegulidwa ndi nambala yake kapena chala. Zotsatira za magazi ndi chiphaso cha unzika malo ake ndi amenewo. Ndipo kwa anzathu ogwira ntchito mongodzipereka ngati ife: buku la kuchipatala la munthu wina lisapezeke mu akaunti yanu. Mukalijambula pofuna kuthandiza, lifufuteni ntchito ikatha, ndi m'bini momwe.

Tsopano za kiyi. Imelo ndi pasiwedi zilembedwe m'kope, ndipo kopelo likhale momwe mumasunga kalata ya ukwati ndi ziphaso za kusukulu, osati kuseri kwa foni. Pa akaunti pakhale nambala yanu yeniyeni yolandirira uthenga mukaiwala pasiwedi, komanso imelo ya mwamuna, mkazi kapena mwana wamkulu wodalirika. Amene munatchera kuti polowa azikutumizirani nambala pa foni mwachita bwino, koma ganizirani kuti wakuba amatenga foni ndi SIM khadi yomwe. Google imapereka manambala 10 apadera oti munthu alowere foni ikasowa, ndipo nawonso ndi oyenera kulembedwa m'kope muja. Ilinso ndi Inactive Account Manager, pomwe mumasankhiratu munthu woti adzalandire zinthu zanu akaunti ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito. Ku Apple amati Legacy Contact. Tikudziwa kuti pachikhalidwe chathu kukamba zotere kumamveka ngati kudziitanira maliro, koma mayi aja akanasangalala bwanji amuna awo akanawasiyira kope lotere.

Maganizo athu ndi akuti banja lokhala ndi Android likhale pa Google yaulere, makanema osafunika achotsedwe, ndipo makalata ofunika kwambiri aikidwenso pamalo achiwiri monga OneDrive. A iPhone adzaona kuti 5 GB imatha msanga, koma Google Photos imagwiranso ntchito pa iPhone. Flashi kapena memori khadi nayo ikhalepo, kungoti isamagone m'nyumba momwemo. Namondwe wa Freddy atagwa mu March 2023, ku Chilobwe ndi madera ena a kummwera matope anatenga nyumba ndi zonse zamkati, ndiye flashi yosungidwa m'kabati imodzi ndi alubamu sikanapulumutsa kanthu. Isiyeni kwa achimwene kapena kwa agogo kumudzi, muziionjezera zatsopano mukapita kukacheza.

Mayi aja tinawatsegulira akaunti ina, mwana wawo wamkazi ali pomwepo ndi kope ndi cholembera. Abale a mumpingo anafufuza m'mafoni mwawo ndipo panapezeka zithunzi zinayi za malemu bambo aja, chimodzi ali ku msonkhano wa misasa atanyamula mpando. Tinajambulanso buku lawo latsopano la kuchipatala tsamba ndi tsamba, kenako tinalowa mu akauntiyo pa foni ya mwana wawoyo kuti mayiwo aone okha kuti masamba onse afika.