Mkazi wamasiye akapita kukhoti sanatuluke m'Chisilamu

M'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira ndi ku Malindi mpaka ku Senga Bay ndi ku Nkhotakota, chuma cha munthu sichibisika. Aliyense amadziwa mwini bwato, mwini injini, mwini chilimira, ndi amene anamanga nyumba ya malata ndi ndalama za ku Johannesburg. N'chifukwa chake mwini chuma akangoikidwa m'manda, maso amatembenukira ku katundu. Kawirikawiri sadaka ya arubaini isanakwane, injini imakhala itachoka kale, kagolosale katsekedwa ndi loko wachilendo, ndipo makiyi ali m'thumba la mchimwene kapena mphwake wa malemu. Mkazi ali m'nyumba, akusunga eda yake ya miyezi 4 ndi masiku 10. Akamadzatuluka amapeza zonse zitagawidwa.

Mayi wotere akangotchula za khoti, mudzi umamutembenukira. Amauzidwa kuti akuchititsa manyazi banja, kuti Msilamu satengera mnzake kwa oweruza osaweruza ndi Qur'an, kuti apirire ndipo Allah adzamulipira. Ine ndikuti mawu amenewa, ngakhale amamveka achipembedzo, amateteza wolanda. Mayi amene wayesa njira za pabanja ndi za kumzikiti nalephera ali ndi ufulu wonse wopempha thandizo la boma, ndipo ife tiyenera kumuperekeza.

Chisilamu sichinasiye nkhani ya chuma cha masiye m'manja mwa amene ali ndi mawu okwera. Surah An-Nisa, ndime 11, 12 ndi 176, inatchula magawo mwatsatanetsatane. Ngongole za malemu zikabwezedwa ndi wasiya wake kukwaniritsidwa, mkazi amalandira gawo limodzi mwa magawo 8 ngati malemu anasiya ana, kapena limodzi mwa magawo 4 ngati sanasiye mwana. Mayi ake a malemu amalandira limodzi mwa magawo 6 pakakhala ana. Ndipo pamene pali mwana wamwamuna, mchimwene wa malemu salandira kanthu, ngakhale mbedza. Mwana wa mlongo wake, amene mwambo wathu wa mbumba umamuika patsogolo, alibe gawo pamenepo. Ndime 10 ya Surah yomweyo imafanizira kudya chuma cha ana amasiye ndi kudzaza moto m'mimba. Choncho amene wanyamula injini usiku sangayambe kuphunzitsa mkazi wamasiye za Shariya mmawa. Iyeyo ndiye waiphwanya poyamba.

Pali mfundo imodzi ya otsutsa imene ndiyenera kuilemekeza, chifukwa ndi yoona. Khoti la Malawi siligawa chuma motsata mirathi. Kuno kulibe mabwalo a Kadhi monga aku Kenya, kumene malamulo aakulu a dziko amalola Asilamu kuweruzidwa ndi Shariya pa nkhani za ukwati, chisudzulo ndi chuma cha masiye. Lamulo lathu la chuma cha masiye la 2011 limati munthu akamwalira osalemba wilo, katundu wake ndi wa mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi ena amene ankadalira iye. Mkazi amasunga ziwiya ndi katundu wa m'nyumba. Silisiyanitsa mwana wamkazi ndi wamwamuna, koma limayang'ana msinkhu, kuti wamng'ono alandire chokwanira kumulera. Uku n'kosiyanadi ndi kagawidwe ka Qur'an.

Koma tiyeni tione bwino chimene mayi uja akusankha. Pamaso pake palibe Shariya mbali imodzi ndi khoti mbali ina. Pali khoti mbali imodzi, ndi mlamu amene watenga zonse mbali inayo. Shehe akhoza kuwerengera magawo molondola, akhoza kulangiza ndi kudzudzula, koma alibe mphamvu yolamula kuti bwato libwerere padooko. Mphamvu imeneyo ili ndi khoti. Lamulo lomwe lija la 2011 linaika kulanda chuma cha masiye m'gulu la milandu imene munthu angapite nayo kundende, ndipo linachotsa mwambo ngati chifukwa cholowera chuma cha malemu. Katundu akabwerera kwa eni ake, palibe choletsa olowa chuma amene ali akuluakulu kugwirizana mwa kufuna kwawo kuti agawane monga Qur'an inanenera. Chimene sichinabwerere sichingagawidwe mwa njira iliyonse.

Kuyanjanitsa ndi kwabwino, ndipo chipembedzo chathu chimakuika patsogolo. Ankhoswe, a mfumu ndi a shehe akhale pansi kaye. Chimene ndikukana ndi kuyanjanitsa kumene kumatenga chaka, nyengo ya usipa n'kudutsa, bwato likugwira ntchito m'manja mwa wina, ana atasiya sukulu ndi madrasa.

Ambiri amaopa khoti chifukwa cha mtengo wa loya. Apa ndi pamene ofesi ya Legal Aid Bureau imalowa. Imeneyi ndi nthambi ya boma yoima payokha, yokhazikitsidwa ndi lamulo kuti iimirire anthu osakwanitsa kulipira loya, pa milandu ya upandu ndi ya pakati pa anthu yomwe. Ili ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, ndipo yatsegulanso ena m'maboma. Wopempha amalemba fomu yofotokoza nkhani yake ndi mmene amapezera ndalama. Ofesiyo imaona zinthu ziwiri makamaka: ngati munthuyo alidi wosowa, ndi ngati nkhani yake ili ndi maziko. Amene ali ndi kangachepe akhoza kupemphedwa kuthandizapo pa ndalama za mlandu, ndipo chilichonse chimene wapereka alandirepo lisiti. Asadutse kwa madobadoba oima panja pa maofesi.

Mlandu umayenda ndi umboni, choncho mayi apite atanyamula chiphaso chake cha unzika, kalata yotsimikiza imfa, satifiketi ya nikah, malisiti a injini kapena a malata, mapepala a malo, ndi mndandanda wa katundu yense pamodzi ndi mayina a amene akumusunga. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa chipembedzo, kotero nikah yomangidwa mumzikiti ndi ukwati pamaso pa khoti. Vuto limabwera pamene palibe pepala, shehe amene anamanga anamwalira, ndipo achibale a mwamuna ayamba kunena kuti mayiyo anali chibwenzi chabe. Pabanja la mitala pepalali ndi lofunika koposa. Ngati katundu akuchotsedwa mwankhanza, nthambi ya Victim Support Unit kupolisi ndi pofikira msanga, ndipo nkhani za ndalama za kubanki kapena za kuntchito kwa malemu zimadutsa kwa DC kapena kwa Administrator General.

Eda isakhale chifukwa chochedwera. Ma ulama ambiri amalola mkazi wamasiye kutuluka masana pa chosowa chenicheni, ndipo mchimwene wake kapena mwana wake wamkulu akhoza kukayamba kufunsa m'malo mwake.

Sindikulonjeza kuti njirayi ndi yofewa. Maloya a boma ndi ochepa poyerekeza ndi milandu imene ali nayo, milandu imaimitsidwa kangapo, ndipo ulendo wochoka ku Makanjira kupita ku boma la Mangochi umadya ndalama imene mayi wamasiye alibe. Apa ndiye pa ntchito ya komiti ya mzikiti. Timasonkha mwachangu ndalama za nsanda ndi za mpunga wa sadaka. Tingalepherenji kusonkha ya thiransipoti kuti ana a malemu yemweyo apeze chawo? Amene asankha loya wolipira adziwenso kuti loya ali ndi omuyang'anira. Akalandira ndalama za kasitomala n'kuzidya, kapena kusiya mlandu osafotokoza, dandaulo limapita ku Malawi Law Society, kumene kuli komiti yosunga mwambo pakati pa maloya, ndipo wolakwa akhoza kuimitsidwa kapena kuchotsedwa pantchitoyo.

Kwa abambo amene tikadali moyo, khomo lokhalo lolowetsera mirathi m'khoti la Malawi ndi wilo. Iyenera kukhala yolembedwa, yosainidwa ndi mwini wake pamaso pa mboni ziwiri, ndipo ndi nzeru kusankha mboni zosalandira kanthu m'chumacho. Mmenemo munthu atchule ngongole zake, wasiya wake wosapitirira gawo limodzi mwa magawo 3, mayina a akazi ndi ana ake onse, ndi kufuna kwake kuti chotsala chigawidwe motsata Qur'an. Shehe awerengere magawo, loya aone kalembedwe, pakuti khoti lili ndi mphamvu yokonza wilo imene yasiya mkazi kapena mwana wopanda chomuthandiza. Ena amati kulemba wilo n'kudziitanira imfa, pamene ndime yaitali koposa m'Qur'an yonse, ya 282 mu Surah Al-Baqarah, ikulamula kulemba ngakhale ngongole wamba.

Mabungwe a Muslim Association of Malawi ndi Qadria Muslim Association of Malawi ali ndi mashehe m'midzi yambiri ya kunyanja. Akhale pansi ndi maloya achisilamu, akonze chitsanzo chimodzi cha wilo m'Chichewa ndi m'Chiyao, achitumize kumzikiti uliwonse pamodzi ndi kaundula wolembamo nikah, ndipo khutba ya Lachisanu limodzi ifotokoze kumene kuli ofesi ya Legal Aid yapafupi.