Ubweya wa Pachifuwa: Ayambe Wauona Namwino

Mayi wa ku Songani akaona ubweya ukumera pachifuwa kapena pa maŵere ake, kaŵirikaŵiri sauza munthu. Amachita manyazi, nayamba kufunafuna mwakachetechete mankhwala oti auchotse osameranso. Manyazi ameneŵa ndi oopsa kuposa ubweyawo, pakuti amamlondolera kwa wogulitsa mafuta m'malo mwa kuchipatala.

Choyamba chofunika kudziŵa ndi chakuti ubweya wa pachifuwa cha mwamuna ndi chilengedwe, ndipo timaubweya toŵerengeka tozungulira nsonga ya bere la mayi si matenda. Si tsoka, si ufiti, ndiponso sitiononga mkaka wa mwana. Mabanja ena ali ndi ubweya wambiri mwa mtundu wao, monga momwe ena aliri aatali msinkhu.

Komabe pali nthaŵi zina pamene ubweya umakhala chizindikiro cha vuto lobisika. Thupi la mayi aliyense limapanga pang'ono mahomoni achimuna. Akachuluka, ubweya wokhuthala umamera pachifuwa, pamimba ndi pachibwano. Chimene chimachititsa zimenezi kaŵirikaŵiri ndi matenda a timatumba ta mazira otchedwa PCOS, amene madokotala aŵiri a ku Chicago, Irving Stein ndi Michael Leventhal, adawalongosola mu 1935. Amagwira pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi 10 alionse a msinkhu wobereka. Mayi wotere amasamba modumphitsa miyezi, amavutika kutenga pakati, ndipo angathe kudwala matenda a shuga akamakula. Lezala silingachize zimenezi. Mankhwala ena amameretsanso ubweya, monga phenytoin amene amamwa odwala khunyu, ndi mafuta ena oyeretsa khungu okhala ndi mankhwala amphamvu monga clobetasol. Wodwala khunyu asasiye yekha mankhwala ake, koma akafotokoze kuchipatala.

Nanga ubweya ungathe kuchotsedwa osameranso? Ubweya uliwonse uli ndi muzu wake m'kati mwa khungu, ndipo muzuwo ukakhala wamoyo umaphukanso ngati chitsa cha bulugamu. Kumeta kumadula pamwamba pokha. Kuzula kumachedwetsa kwa masabata angapo. Mafuta osungunula ubweya nawo safika pa muzu. Njira yopha muzu ndi ya magetsi, yotchedwa electrolysis, imene dokotala wa maso, Charles Michel wa ku St. Louis, ku America, adailengeza mu 1875. Katswiri amaloŵetsa kasingano kakang'ono kwambiri pa muzu uliwonse paokhapaokha, ndipo ntchitoyi imafuna maulendo ambiri. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 kuli njira ina ya kuŵala kotchedwa laser, imene imachepetsa ubweya kwa nthaŵi yaitali, koma ingathe kutentha khungu lakuda ngati makina sali oyenera. Njira ziŵirizi zimafuna makina, katswiri ndi ndalama zambiri. Motero munthu amene alonjeza kuti kabotolo kake kathetsa ubweya mpaka muyaya akungofuna ndalama za mnzake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ena adzati thupi ndi lamwini, ndipo mayi ali ndi ufulu wokonza maonekedwe ake. Zimenezo ndi zoona, ndipo palibe amene akumletsa. Koma khungu la bere ndi lofeŵa. Mankhwala aukali amaliwaula, ndipo chilonda chikaloŵa tizilombo chimasanduka chithupsa cha mafinya, chimene chingalepheretse mwana kuyamwa bwino. Mayi woyamwitsa asapake mankhwala otere pa bere ngakhale pang'ono. Njira yabwino ndi kudula ubweya ndi sizasi yoyera. Wofuna kumeta atsuke khungu ndi sopo, agwiritse ntchito lezala latsopano, ndipo asabwerekane ndi wina aliyense, chifukwa magazi otsalira pa lezala angathe kufalitsa HIV ndi matenda a chiŵindi a mtundu wa B. Zakuti kumeta kumachulukitsa ubweya si zoona. Mildred Trotter adaonetsa zimenezi pa kafukufuku wake mu 1928: ubweya wometedwa umangomveka wolimba chifukwa nsonga yake yadulidwa.

Pali zizindikiro zimene sizifuna kuzengereza. Ubweya ukachuluka mofulumira m'miyezi yochepa, mau akayamba kumveka ngati a mwamuna, msambo ukasiya popanda pakati, kapena m'bere mukapezeka chotupa, mayi apite msanga ku chipatala cha Domasi kapena china chimene ali nacho pafupi. Kumeneko angathe kumtumiza ku chipatala chachikulu cha Zomba kuti akamuyeze bwino. Mwamuna wake amperekeze m'malo momseka, ndipo anamwino amlandire mwaulemu ndi kumsungira chinsinsi, pakuti mayi amene wasekedwa kamodzi sabweranso. Safunsa adadya phula. Mayi amene wafunsa msanga amateteza bere lake, ndalama zake ndi moyo wake.