Mwabwera kumaliro a ndani?

Anandifunsa choncho mayi wina wogulitsa mpunga pa Nkhotakota, titangotsika minibasi. Anaona imvi, anaona jekete, anaonanso mayi akunyumba akumanga bwino duku, basi n'kudziwiratu kuti kwagwa zovuta. Nditamuuza kuti tangobwera kudzaona nyanja, anayamba wandiyang'ana kaye, kenako n'kukuwira mnzake: "Asisi, tabwerani mudzamve kuno! Agogowa akuti abwera kudzaona madzi."

Sindinamuone kulakwa. Kwathu kuno munthu wamkulu sayenda chabe. Ulendo umakhala wa maliro, wa chinkhoswe, wokazonda matenda, apo ayi wokalondola za penshoni. Zongoyenda kukaona malo timati n'za azungu obereka zikwama.

Chikhalirecho kunyanja ndinapitako kambirimbiri ndili pantchito m'boma, ku Mangochi ndi ku Salima. Koma kunali kumisonkhano ya m'mahotela. Tinkabindikira m'chipinda, makatani otseka kuti zapakhoma zioneke, mtima uli pa envelopu ya alawansi. Nyanja ndinkaiona pawindo popita kukamwa tiyi. Nditakwanitsa zaka 60 n'kupuma, abale anabwera ndi nzeru zawo: gulani chigayo, gulani minibasi, mangani nyumba za lendi. Nyumbayo ndinamangadi imodzi. Ndalama zotsalazo tinati tikadyere mu msewu wa M5, kuchokera ku Salima kulowera kumpoto, tsiku lobwerera osatchula.

Pa Nkhotakota tinati tigona usiku umodzi, koma tinakhalapo masiku anayi. Tsiku loyamba mnyamata wa kabaza anatipititsa kumkuyu uja amati David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863, kumudandaulira kuti aleke malonda a akapolo. Jumbe sanamve. Zombo zinapitiriza kuwolotsa anthu kupita kutsidya, kuti akayambe ulendo wapansi wa ku Kilwa. Nkhaniyi ndinaiphunzira kupulayimale, ndinaikhoza pamayeso, koma sindinkadziwa kuti kutsidyako n'kutali bwanji kufikira nditaima padoko n'kuona mapiri a ku Mozambique akuoneka ngati utsi.

Chimene chinatisunga kwenikweni ndi m'mawa wa padoko. Usiku wonse nyali za asodzi zimakhala zitandandana pamadzi ngati mzinda. Kukamacha mabwato amayamba kukocheza, anyamata a chilimira maso ali psuu, ndipo amayi a geni amakhala atalowa kale m'madzi mpaka m'maondo, mabeseni m'manja. Usipa amayeza ndi chidebe. Palibe amene amalemba mtengo paliponse. Bwato loyamba likafika lopepuka, mtengo wakwera. Lachiwiri ndi lachitatu akafika odzaza, wagwa, ndipo mayi amene anathamangira kugula koyambirira amangogwira pakamwa. Dzuwa likamati tswee usipa uja wayalidwa kale pathandala.

Mkulu wina wosoka ukonde, wamsinkhu wanga ndithu, ndi amene anandimasulira zimene ndakhala ndikukalipira ogulitsa mumsika kwa zaka zambiri. Usipa umatsata kuwala kwa nyali, ndiye mwezi ukakhala wathunthu nyaliyo ilibe ntchito, nsomba zimabalalika. Kukabwera mwera, makamaka mu Juni ndi Julaye, anzeru amakokera bwato kumtunda n'kukhala pansi. Ine kumtunda ndinkangoti amalonda ndi akuba. Mkuluyo anaseka n'kunena kuti enawo ndi akubadi, koma mwezi nawo umaba.

Kuti umve zoterezi pamafunika kukhala pamchenga maola atatu wopanda chochita, ndipo ichi ndi chuma chokhacho chimene wopuma pantchito amaposa nacho bwana amene adakali muofesi.

Pa Dwangwa tinangodutsa, nzimbe mbali zonse. Tinatsika ku Bandawe, kufupi ndi Chintheche, kumene a mishoni ya Livingstonia anasamukira mu 1881 pothawa malungo a ku Cape Maclear. Malungowo anawapezanso komweko, ndipo mu 1894 Dr Robert Laws anakwera nawo phiri kupita ku Khondowe. Manda a amishoniwo alipo pa Bandawepo, ena anafa asanafike n'komwe zaka za ana anga. Usiku umenewo neti ndinaikunga ndekha, osadikira kukumbutsidwa.

Chakufupi ndi Nkhata Bay msewu umalowa m'munda wa mitengo ya mphira wa Vizara, ndipo anyamata amaima m'mbali akudundadunda mipira yopota okha. Tinagulira adzukulu iwiri, imene inatisautsa ulendo wonse. M'tauni tinadya kondowole wa batala. Ndinene zoona, kondowole anandikanika tsiku loyamba: amamata m'manja, ndipo wotafuna ngati ine amangozunzika. Mayi wapamalo odyerawo anandiuza kuti, "Ada, ameneyo satafuna, amangomeza." Pofika tsiku lachitatu ndinali kupempha wina.

Padoko la Nkhata Bay mpomwe asilikali a atsamunda anawombera anthu pa 3 Malichi 1959, pamene khamu linasonkhana kufuna kuti atsogoleri awo omangidwa, amene anali atawakweza sitima ya Mpasa, amasulidwe. Zaka zonsezi tsikuli kwa ine linali holide yochapira galimoto. Pamalopo lero pali phokoso la ana osambira ndi mabwato onyamula matumba a ufa.

Pomwepo tinakwera Ilala. Sitimayi inapangidwa ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Ndi yaikulu kwa ine, koma ikugwirabe ntchito. Kwa anthu a ku Likoma, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe, imeneyi ndiyo basi, ndiyo lole: malata, simenti, mbuzi, njinga, mwana wopita kusekondale ndi sutikesi yake, zonse momwemo.

Anzanga opuma pantchito, ngati ulendowu mukuufuna, pitani maondo akadalola. Ku Usisya kulibe pokocheza sitima. Imaima patali, inu n'kutsika pamakwerero kulowa m'boti laling'ono, ndipo botilo silifika pouma. Achinyamata ankangodumpha, katundu pamutu. Mnyamata wina anadzipereka kuti andibereke. Ndinakana, poti munthu amene ankasainira mafayilo sangaberekedwe pagulu. Ndinavula nsapato, ndinapinda buluku mpaka m'maondo, n'kuponya mwendo. Madzi anandifika m'chiuno, funde n'kundimaliza.

Mayi akunyumba, amene anavomera kuberekedwa ndipo anafika ouma, sananene kanthu. Anangomasula chitenje chimodzi n'kundipatsa. Ndinakhala pamchenga nditamanga chitenjecho, buluku ndi jekete zitayanikidwa pabwato la eni ake, ndalama zapepala titazipanikiza ndi timiyala kuti ziume. Ilala inaliza lipenga n'kulunjika ku Ruarwe. Ana anatola mipira ya adzukulu ija pamene inkayandama, n'kuyamba kusewera pomwepo.