ZA CILENGEDWE: Kacirombo Koocha Khungu ndi Abale Ake a Kumapiri

Mvula ikagwa masiku angapo motsatana, komboni ya Kanyama kumadzulo kwa Lusaka isanduka dambo. Pansi pa komboni imeneyi pali thanthwe la laimu, ndipo madzi a m'nthaka ali pafupi kwambiri, kotero kuti madzi a mvula asowa kolowera. Akulu-akulu a kumeneko akumbukirabe cigumula ca m'caka ca 1978 cimene cinagwetsa nyumba zambiri. Pa nyengo yotere anthu adera nkhawa za kolera ndi udzudzu, ndipo m'pake. Koma cinyezi comweco cikondweretsanso kacirombo kena kakang'ono kamene ambiri sakadziwa bwino, ngakhale kuti ena ayenda ndi cipsera cake pakhosi kapena patsaya.

Munthu agona ali bwino-bwino. M'mawa mwake, kapena mkuja, aona mzere wofiira pakhungu, woyabwa ndi wotentha monga wapsa ndi madzi owira, ndipo pambuyo pake pabuka matuza. Apa maganizo asiyana. Ena ati wakodzeredwa ndi kangaude. Ena ati ndi mashingozi, nayamba kunong'onezana za matenda ena amene munthuyo alibe. Enanso akayikira mnansi amene anakangana naye pa mpopi. Dzina lolakwika libala mankhwala olakwika, ndipo nthawi zina lidanitsa anthu amene anali kupemphana mcere.

KACIROMBO KAKE

Ambiri m'tauni akadziwa ndi dzina la Nairobi fly, cifukwa kanavutitsa kwambiri anthu ku Kenya, maka-maka m'caka ca 1998 pambuyo pa mvula yamphamvu ya El Niño. Koma dzina limeneli lisoceretsa pawiri. Kacirombo aka si nchenche, ndiponso si ka ku Nairobi kokha ai. Ndi kacikumbu, ndipo abale ake apezeka m'maiko ambiri ofunda a pa dziko lapansi.

Kutalika kwake sikupitirira sentimita imodzi kweni-kweni, ndipo thupi lake ndi lowonda ngati la nyerere yaikulu. Mutu ndi wakuda, cifuwa cofiirira ngati lalanje lakupsa, pamsana pali timapiko tiwiri tolimba tobiriwira monyezimira, mimba ndi yofiirira, ndipo nsonga ya kumcira ndi yakuda. Timapiko tolimbato ndi tatifupi, sitiphimba mimba yonse monga zicitira zikumbu zina. Pansi pake mpamene kapinda mapiko ake enieni oulukira. Kakaopsedwa kathamanga katatukula mcira monga cinkhanira, koma kalibe mbola.

Sikaluma ndiponso sikabaya. Ululu wake uli m'madzi a m'thupi mwake, ndipo utuluka pokha-pokha munthu akakaphwanyira pakhungu. Ndiye cifukwa cake cironda cikhala ca mzere: dzanja lipuputa kacirombo mu mdima, nilipaka ululu monse m'mene lapita. Ngati ululu wagwera pa cigongono kapena kuseri kwa bondo, mbali zonse ziwiri zokhudzana zipsa mofanana. Cala cimene caphwanya kacirombo cikatikita diso, diso litupa ndi kufiira koopsa.

Ululu umenewu uchedwa pederin. Anaupatsa dzina ndi akatswiri awiri a ku Italy, a Pavan ndi a Bo, m'caka ca 1953, ndipo kuti mapangidwe ake adziwike panafunika tizirombo 25 miliyoni. Pambuyo pake kunadziwika kuti amene apanga ululuwo ndi mabakiteriya okhala m'thupi mwa tizirombo tatikazi, ndipo mai apatsira ana ake kupyolera m'mazira.

Pali tizirombo tina timene tisokoneza anthu. Cikumbu cakuda ca mawanga acikasu kapena ofiira cimene cidya maluwa a nyemba, a khobwe ndi a therere, cimene ena acha dzodzwe, naconso citulutsa matuza, koma ndi ca banja lina ndipo ululu wake ndi wina. Palinso kena kowonda kokhala ndi mphanda kumcira, kopezeka m'makoko a cimanga. Ako sikaocha khungu konse.

MFUNDA NDI DZINA

Kusiyanitsa tizirombo totere ndi nchito ya akatswiri amene asanja zamoyo m'mabanja. Lamulo lao linayamba ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden m'caka ca 1758. Nyama iri yonse ipatsidwa maina awiri a Cilatini. Loyamba liri ngati mfunda kapena ciwongo, monga Phiri, Banda kapena Tembo. Laciwiri ndi dzina la mtundu weni-weniwo, monga m'mene mwana wa a Phiri akhalira ndi dzina lake-lake.

Mfunda wa kacirombo koocha khungu ndi Paederus, dzina loikidwa ndi Fabricius wa ku Denmark m'caka ca 1775. A mfunda umenewu alipo mitundu yoposa 600, ndipo umodzi wofala kwambiri mu Africa ndi Paederus sabaeus, umene unalembedwa m'caka ca 1840. Mfundawo uli m'banja lalikulu la Staphylinidae, limene Latreille wa ku France analikhazikitsa m'caka ca 1802. Banja limeneli ndi limodzi la mabanja akulu koposa mwa nyama zonse, popeza mitundu yake yodziwika yapitirira 60,000, ndipo caka ndi caka ionjezeka. Cizindikiro ca ambiri a m'banjali ndi timapiko tatifupi tija.

Mwa unyinji wonsewo, oocha khungu ndi ocepa zedi. Ambiri ndi alenje a tizirombo tinzao. Adya mphutsi za nchenche m'khola la ng'ombe, nsabwe za m'masamba, ndi mazira a tizirombo toononga mbeu. Ena akhala m'culu pamodzi ndi ciswe, ndipo ena ayenda m'mzere wa linthumbu atafanana nalo kotero kuti silikawazindikira. Ngakhale Paederus yemweyo ndi bwenzi la mlimi m'dimba ndi m'munda wa mpunga. Mlandu wake uyamba akalowa m'nyumba.

ABALE A KUMAPIRI

Mitundu yambiri yatsopano ya banja limeneli ipezeka m'nkhalango za pamwamba pa mapiri, ndipo pali cifukwa cake. Nkhalango yotere iri ngati cisumbu pakati pa nyanja. Pamwamba ndi pozizira ndi ponyowa caka conse, pamene pansi pazungulira thengo louma limene lipsa m'cirimwe. Tizirombo tambiri tokhala m'masamba oola a m'nkhalangozo tinataya mapiko oulukira kale-kale, ndipo tina maso ake ndi ang'ono kwambiri. Sitingathe kuoloka cigwa kupita pa phiri lina. Potero, pa zaka zikwi-zikwi, a pa phiri lino asiyana ndi a pa phiri linalo kufikira akhala mitundu iwiri.

Dziko la Zambia liri nao malo otere. Kumpoto ca kum'mawa, m'malire ndi Malawi, kuli mapiri a Mafinga, amene nsonga yake yaitali ifika mamita 2,339, ndiponso mbali ya Zambia ya Nyika, kumene kuli nkhalango ya Chowo. Ku Malawi kuli phiri la Mulanje, la mamita 3,002. Ku Mozambique kuli phiri la Mabu, limene nkhalango yake inaonedwa ndi katswiri Julian Bayliss pa zithunzi za Google Earth m'caka ca 2005. Anthu a m'mbali mwa phirilo anali kuidziwa nkhalangoyo kuyambira makolo ao, koma a sayansi anakaifufuza mokwanira m'caka ca 2008, napezamo zamoyo zimene zinali zisanalembedwe m'buku liri lonse.

KACITIDWE KAKE

Wofufuza akafika m'nkhalango sayang'ana m'mwamba. Agwada, natola masamba oola ndi dothi la pamwamba, nazipeta m'sefa monga mai apetera ufa. Zimene zagwa pansi aziika m'thumba lolenjekeka, ndipo pamene zinyalala ziuma, tizirombo tithawa kuumako nitigwera m'botolo la mowa waukali wosungira. Pa botolo liri lonse alemba malo, tsiku, kutalika kwa phiri ndi dzina la wotola. Kacirombo kopanda cikalata cimeneci kalibe nchito kwa katswiri, monga ng'ombe ya pamsika yosadziwika khola lake.

Nchito yaikulu icitikira pa tebulo, pansi pa makina okuzira zinthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa mwambiwu ugwira nchito monga uliri, cifukwa tina mwa tizirombo timeneti n'tocepa kuposa njere ya mapira. Katswiri ayang'ana mfundo za tinyanga, kukula kwa maso, timaenje ta pamutu ndi pacifuwa, ubweya ndi miyendo. Mtundu wa thupi suthandiza kwambiri, pakuti mitundu iwiri yosiyana ingathe kuvala mofanana. Umboni weni-weni uli pa ciwalo cobalira ca kacirombo kakamuna, cimene acicotsa ndi singano yopyapyala nacijambula. Ciwalo cimeneci cisiyana pa mtundu uli wonse monga asiyanira makiyi a maloko. Kuyambira caka ca 2003 akatswiri agwiritsanso nchito njira yopima DNA ya kacidutswa ka mwendo, yoyambitsidwa ndi Paul Hebert wa ku Canada.

Akatero ayerekezera ndi mitundu yonse ya mfunda umenewo imene inalembedwa kale. Apa pali bvuto kwa akatswiri a kuno. Tizirombo tambiri ta mu Africa tinachedwa maina ndi anthu a ku Ulaya, ndipo tisungidwa kumeneko. Malcolm Cameron, amene anali dotolo wa asilikali a pamadzi a Britain, analemba mitundu yambiri-mbiri ya banja limeneli, ndipo tizirombo take tiri ku London. Gaston Fagel wa ku Belgium analemba za a Paederus ndi abale ao a ku Upemba m'dziko la Congo m'caka ca 1958, ndipo tambiri ta m'dera limenelo tiri ku Tervuren. Muno m'Zambia tizirombo tisungidwa ku Livingstone Museum ndi ku Mount Makulu ku Chilanga.

Zikatsimikizika kuti mtunduwo ndi watsopano, katswiri asankha kacirombo kamodzi kukhala mboni ya dzinalo, nakapereka ku nyumba yosungira zakale kumene wina ali yense angakaone. Ndiye asindikiza malongosoledwe ake ndi zithunzi m'magazini ya sayansi. Dzina losasindikizidwa motere siliwerengedwa, ndipo maina awiri akaombana pa kacirombo kamodzi, loyamba kusindikizidwa ndilo lipambana. Kawiri-kawiri dzina licokera ku malo kumene nyamayo inapezeka. Cinyanja naco cinalowamo: m'caka ca 2006 birimankhwe wa pa phiri la Mulanje anapatsidwa mfunda wa Nadzikambia, kucokera ku liu lakuti nadzikambe, ndipo mnzake wa pa phiri la Mabu analowa mu mfunda womwewo m'caka ca 2010.

Cobvuta n'cakuti nkhalango zikutha msanga kuposa m'mene maina alembedwera. M'caka ca 2024 gulu la akatswiri linalengeza kuti mapiri okwanira ngati 30 a kumwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique ali ndi mitundu 127 ya zomera ndi 90 ya nyama yosapezeka kwina kuli konse, ndi kuti kuyambira caka ca 2000 mapiriwo ataya magawo 18 pa 100 ali onse a nkhalango yao yakale. Ciwerengero cimeneco ndi ca acule, abuluzi, njoka, mbalame, nyama zoyamwitsa, agulugufe ndi nkhanu. Zikumbu za m'masamba oola sizinawerengedwe. Moto wa osaka mbewa ndi nkhwangwa ya oocha makala zikafika pa nkhalango yaing'ono ya paphiri, kacirombo kopanda mapiko kalibe kothawira, ndipo kafa kasanachedwe dzina.

ZOYENERA KUCITA PAKHOMO

Kumidzi nkhaniyi si ya anthu a ku Kanyama okha. Paederus akokedwa ndi kuwala koyera kwa usiku, ndipo nyale za sola zafika tsopano m'midzi yambiri yoyandikana ndi madambo ndi madimba. Nyale isapacikidwe pamwamba peni-peni pa mphasa kapena bedi, ndipo izimitsidwe pogona. Mazenera atsekedwe kukada, ndipo banja ligone m'neti yochingira udzudzu. Zofunda ndi zobvala zoyanikidwa panja zikutumulidwe zisanalowe m'nyumba. Udzu ndi zinyalala zonyowa za pafupi ndi cipupa zicotsedwe.

Kacirombo kakatera pathupi, munthu akauzire ndi mpweya wa m'kamwa kapena akacotse ndi tsamba, osakamenya ndi dzanja. Ngati kaphwanyika, asambe pamalopo ndi m'manja msanga-msanga ndi sopo ndi madzi ambiri, asanakhudze kumaso. Ana aphunzitsidwe zimenezi, pakuti mtundu wake wowala uwakopa.

Cironda cace cipola cokha m'masabata awiri kapena atatu, ngakhale kuti banga lakuda likhalitsa. Matuza asaboolewe, ndipo asapakidwe phulusa, mafuta a galimoto kapena mankhwala otsukira mano. Ngati ululu walowa m'diso, ngati cironda cacita mafinya, kapena ngati pali cikaiko kuti mwina ndi mashingozi, wodwalayo apite ku cipatala ca pafupi tsiku lomwelo, popeza mashingozi ali ndi mankhwala ake amene agwira bwino akayambidwa msanga. Amene wakwanitsa kugwira kacirombo m'botolo apite nako, kuti anamwino aone ndi maso ao cimene camuocha.