Kodi Madzi a Nowa Adafika pa Sapitwa?

Pa sukulu za sekondale pali funso limene sililephera kubwera chaka ndi chaka. M'mawa wophunzira amamva pa phunziro la Baibulo kuti m'masiku a Nowa madzi adamiza mapiri onse aatali. Masana, pa phunziro la jogalafe, amalemba m'kope mwake kuti nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi yotalika mamita 3,002, ndi kuti phiri la Everest limafika mamita 8,849. Tsono mwana woganiza amaimika dzanja nafunsa ngati madziwo adafikadi pa Sapitwa. Aphunzitsi ena amamkalipira kuti akuyesa Mulungu, pamene ena amamseka kuti akali kukhulupirira nthano. Onsewa amamlakwira mwanayo, pakuti amamsiya ndi maganizo akuti ayenera kutaya chimodzi, kaya Baibulo kaya nzeru zimene adadzera ku sukulu.

Yankho loona ndi lakuti madziwo sadafike pa Sapitwa, ndipo kutero si kunyoza Malembo ai. Nkhani ya chigumula idalembedwa kuti iphunzitse za Mulungu ndi za kuipa kwa mtima wa munthu. Woiwerenga ngati lipoti la woyeza mvula amaichepsa, chonsecho akuganiza kuti akuilemekeza.

Nkhaniyi ili m'buku la Genesis, mutu 6 mpaka mutu 9. Chingalawa chidali cha mikono 300 m'litali, mikono 50 m'lifupi ndi mikono 30 msinkhu wake, ndiko kuti pafupifupi mamita 135, 22 ndi 13. Mudalowa anthu 8 pamodzi ndi nyama. Mvula idagwa masiku 40 usana ndi usiku, madzi adakhala osaphwa masiku 150, ndipo chingalawa chidakaima pa mapiri a Ararat.

Wofuna kuti zonsezi zikhale mbiri yeniyeni ya dziko lonse lapansi ayambe wayankha za madzi. Nthunzi yonse imene ili mumlengalenga itagwa nthawi imodzi, ikhoza kukuta dziko ndi madzi akuya masentimita awiri ndi theka okha. Madzi oundana a ku Antarctica ndi ku Greenland atasungunuka onse, nyanja zikhoza kukwera mamita osapitirira 70. Koma kuti Everest amire pafunika madzi ena ochuluka katatu ndi kuposerapo kuyerekeza ndi a m'nyanja zonse zamchere. Genesis amatchulanso akasupe a pansi pa nthaka, komabe funso likhalapobe: madzi otero adachokera kuti, nanga adaphwera kuti?

Zamoyo nazo zili ndi umboni wake. M'nyanja ya Malawi muli mitundu yoposa 500 ya nsomba za banja la chambo, mbuna ndi utaka, yambiri mwa iyo yosapezeka kwina kulikonse. Madzi amchere akadasakanikirana ndi a m'nyanjayi kwa chaka chathunthu, nsombazi zikadatha psiti. Momwemonso nkovuta kufotokoza mmene kangaroo adayendera kuchoka ku Ararat kufika ku Australia osasiya mbumba kapena mafupa m'njira monsemo.

Mbiri ya anthu imanenanso chimodzimodzi. Bishopu James Ussher wa ku Ireland, powerengetsa mibadwo ya m'Baibulo m'chaka cha 1650, adaika chigumula cha m'ma 2349 Khristu asanabadwe. Pa nthawiyo manda aakulu a mfumu Khufu ku Giza adali atamangidwa kale zaka pafupifupi 200, ndipo Aiguputo adapitiriza kulima, kumanga ndi kulemba maina a mafumu ao popanda kudukiza. Komanso ena mwa amene adayamba kusiya ganizo la chigumula cha dziko lonse sadali adani a mpingo. Adam Sedgwick, wansembe wa mpingo wa Anglican yemwenso adali katswiri wa za miyala ku Cambridge, poyamba ankaphunzitsa kuti mchenga ndi nsangalabwi za m'zigwa za ku England zidasiyidwa ndi madzi a Nowa. M'chaka cha 1831 adavomera poyera pamaso pa akatswiri anzake kuti adalakwa, ndipo adakhalabe wansembe mpaka imfa yake.

Nanga nkhaniyi idachokera kuti? M'chaka cha 1872 George Smith, wogwira ntchito ku British Museum mu London, adawerenga phale la dothi lofukulidwa ku Nineve. Padalembedwa gawo la nkhani ya Gilgamesh, lonena za munthu wotchedwa Utnapishtim amene adachenjezedwa za chigumula, nakhoma chombo, nalowetsamo banja lake ndi nyama. Chombocho chitaima pa phiri, iye adatumiza nkhunda, namzeze ndi khwangwala kuti aone ngati madzi aphwa, ndipo atatuluka adapereka nsembe. Nkhani ina yofanana nayo, ya Atrahasis, idalembedwa pafupifupi zaka 1,600 Khristu asanabadwe, Mose asanakhaleko. Zonsezi ndi za ku Mesopotamia, chigwa cha mitsinje ya Tigris ndi Euphrates m'dziko limene lero ndi Iraq. Kumeneko ndi kumene kudali mzinda wa Ur, kwao kwa Abrahamu, ndiponso ndi kumene Ayuda adakakhala akapolo Yerusalemu atagwa m'chaka cha 587 Khristu asanabadwe.

M'chaka cha 1929 Leonard Woolley, pokumba ku Ur, adapeza matope a madzi osefukira okhuthala pafupifupi mamita 3, pansi ndi pamwamba pake pali zotsalira za nyumba za anthu. Ambiri adakondwa kuti chigumula cha Nowa chapezeka. Koma matope otero amene adapezeka ku Kish ndi ku Shuruppak adali a nthawi zina zosiyana, ndipo ngakhale ku Ur komweko sadapezeke paliponse. Chimene dothi lidaulula ndi chakuti chigwacho chidasefukira koopsa kangapo, ndipo opulumuka adasimbira ana ao.

Pano wolankhula Chichewa ali ndi mwai, chifukwa mau akuti "dziko" amagwira ntchito monga mau a Chihebri akuti "erets": amatanthauza dera la anthu ena ake, amatanthauzanso dziko lonse lapansi. Munthu wa ku Makhanga, amene m'chaka cha 2015 adaona madzi a Shire ndi Ruo atakuta minda, midzi ndi manda mpaka pomwe maso alekezera, akanena kuti dziko lonse lidamira sanama, ngakhale kuti ku Dedza anthu ankapalira chimanga. Komabe chilungamo chifunika. Mlembi wa Genesis sadafune kunena za kachigwa kamodzi. Ankanena za dziko lonse monga ankalidziwira, lokhala ndi thambo ngati denga la mazenera otsekereza madzi a kumwamba. Sankadziwa za Australia kapena Mulanje, ndipo uthenga wake sudadalire zimenezo.

Bukulo limadzionetsa lokha kuti cholinga chake si kuwerengetsa. Pa Genesis 6:19 Nowa auzidwa kutenga nyama ziwiriziwiri za mtundu uliwonse, koma pa 7:2 auzidwa kutenga zisanu ndi ziwiri za mtundu uliwonse woyenera nsembe. Akatswiri ambiri a Baibulo amaona kuti pamenepa padalukidwa pamodzi nkhani ziwiri zakale. Wolukayo sadali wakhungu kuti asaone kusiyanako. Adazisiya zonse ziwiri chifukwa mtima wake udali pa chinthu china.

Chinthucho chimaoneka bwino munthu akaika Genesis pambali pa nkhani za ku Babulo. Mu Atrahasis milungu imaononga anthu chifukwa phokoso lao likumsowetsa tulo mulungu Enlil, ndipo pambuyo pake milunguyo imavutika ndi njala posowa woipatsa nsembe. Mu Genesis Mulungu ndi mmodzi, sadalira chakudya cha munthu, ndipo chimene chimamumvetsa chisoni ndi chiwawa chimene chadzaza dziko. Madzi ataphwa, Iye amaletsa kukhetsa mwazi wa munthu, napangana pangano ndi zamoyo zonse, nyama zomwe, naika utawaleza ngati chizindikiro chake. Aisraele adatenga nkhani yodziwika kwa anansi ao naisandutsa ulaliki wotsutsa milungu ya anansiwo. Apa ndi pamene pagona mtengo wake wa nkhaniyi, ndipo palibe muyeso wa phiri umene ungauchotse.

Alipo okhulupirira oona mtima amene amakana maganizo amenewa. Buku la John Whitcomb ndi Henry Morris lotchedwa The Genesis Flood, la m'chaka cha 1961, lidawalimbikitsa kwambiri, ndipo m'chaka cha 2016 ku Kentucky, m'dziko la America, kudatsegulidwa chingalawa chachikulu choti alendo azikaona. Nkhawa yao ndi yomveka. Amati Yesu mwini adatchula masiku a Nowa pa Mateyu 24, ndipo amaopa kuti munthu akamasula mfundo imodzi, mtolo wonse umwazika. Koma Yesu adatchula Nowa pochenjeza anthu kuti akhale maso, ndipo chenjezolo silitaya mphamvu ngakhale madzi adalekezera m'chigwa. Kunena za mtolo, Baibulo si buku limodzi. Muli malamulo, nyimbo, miyambi, makalata, mafanizo ndi mbiri, ndipo chilichonse chili ndi kawerengedwe kake. Mneneri Natani adagwetsa mfumu Davide ndi nkhani ya kamwana ka nkhosa, ndipo palibe amene adafunsapo mtundu wa ubweya wake. Luka, kumbali ina, amayamba buku lake ponena kuti adafufuza kwa mboni zoona ndi maso. Kusiyanitsa zolembedwa zoterezi ndiyo ntchito ya munthu wodziwa kuwerenga.

Maganizowa si atsopano mu mpingo. Augustine wa ku Hippo, bishopu wa kumpoto kwa Afirika amene adamwalira m'chaka cha 430, adachenjeza Akhristu kuti asamanene zopanda pake za dziko ndi nyenyezi m'dzina la Malembo, kuopa kuti akunja odziwa zinthuzo angakanire kumodzi ndi uthenga wa chipulumutso. Papa Pius XII nayenso, m'chaka cha 1943, adalangiza ophunzira Baibulo kuti azisamala za kalembedwe ka anthu akale a Kum'mawa.

Motero mphunzitsi asaope funso la Sapitwa. Mwana amene wauzidwa kuti chikhulupiriro chake chaima pa kuya kwa madzi adzachitaya tsiku limene adzawerengetse yekha, mwina ali ku koleji, kutali ndi womuthandiza. Amene wauzidwa kuti nkhaniyi ndi yopusa adzakula wosadziwa chimodzi mwa zolembedwa zozama za anthu akale. Paja akulu adati safunsa adadya phula. Wofunsayo aonetsedwe mapu a Mesopotamia, auzidwe za mapale a ku Nineve, kenaka atsegule Genesis 6 nafunefune yekha chifukwa chimene madziwo adabwerera. Akapeza kuti chidali chiwawa cha anthu, adzakhala atawerenga nkhaniyo monga mwini wake adafunira.