Dzina la Itai Dzamara lilembedwe pabwalo la ku Harare

Pakati pa mzinda wa Harare pali bwalo la mitengo ya jakaranda lotchedwa Africa Unity Square. Mbali ina kuli hotela ya Meikles, mbali inayo nyumba yakale ya malamulo. Masana anthu amapuma pa kapinga, ogulitsa maluwa atayala malonda awo m'mphepete mwa msewu. Tinjira timene amayendamo tinakonzedwa motsanzira mizere ya mbendera ya Britain.

Mzindawu unayambira pamenepa. Pa 13 September 1890 gulu lotumidwa ndi kampani ya Cecil Rhodes linakweza mbenderayo, malowo n'kutchedwa Fort Salisbury, ndipo bwalolo linadzakhala Cecil Square. Agogo athu amene anatchona ku Salisbury, ophika ndi osamalira maluwa m'nyumba za azungu, ankangodutsapo mwachilendo, chitupa chili m'thumba.

Ufulu unabwera mu 1980, Salisbury inakhala Harare mu 1982, bwalonso linalandira dzina latsopano. Koma kwa ine bwalo ndi la anthu pokhapokha munthu wamba atakhalapo, kunena zakukhosi, madzulo n'kubwerera kwa ana ake ali wamoyo.

Itai Dzamara anali mtolankhani. Mu October 2014 anakapereka kalata yopempha pulezidenti Robert Mugabe kuti atule pansi udindo, kenako iye ndi anzake ochepa anayamba kumakhala pabwaloli kudikira yankho. Analibe chida chilichonse. Apolisi anamumenya mpaka anagonekedwa m'chipatala, koma sanasiye. Pa 9 March 2015 amuna ena anamugwira akumetetsa ku Glen View, dera lina la mzindawu, n'kumukankhira m'galimoto. Khoti lalikulu linalamula kuti boma limufunefune. Mugabe anachoka pampando mu 2017, namwalira mu 2019. Dzamara sanapezekebe, ndipo mkazi wake ndi ana awiri alibe ngakhale manda okalirapo. Ife amene timadziwa kuwawa kwa maliro opanda mtembo tisamve nkhaniyi ngati ya kutali.

Tinjira ta mbendera tija tisafafanizidwe. Ana aziona mmene dziko linalandidwira. Koma mbiri ya bwaloli sinathere mu 1890. Aphungu anasamukira ku Mount Hampden, kunja kwa mzinda, ndipo bwaloli latsala ndi eni ake enieni.

Khonsolo ya Harare iimike mwala pamenepa, dzina la Itai Dzamara ndi tsiku limene anasowa zilembedwepo. Nalo boma la Zimbabwe liuze banja lake kumene mwana wawo ali.